Chaka cha korona ndinachithera pachibowo cha mpanda

Foni yanga ili ndi khalidwe lofukula zakale. Sabata yatha Facebook inanditulutsira chithunzi cha mwezi wa Meyi 2020: mbale ya futari ili pachitsa, kumbuyo kwake kuli mpanda wa udzu wobooka pakati, ndipo pachibowopo pakuoneka theka la nkhope ya nkhalamba yovala kachipewa koyera. Pansi pake ndinalembapo kuti "Neba wanga", ndipo anthu amene anachikonda anali anayi okha. Ndinachiyang'anitsitsa chithunzicho mpaka kondakitala anachita kundigwedeza paphewa kuti ndapitirira siteji.

Tikamakumbutsana za Covid-19 timakonda kunena kuti kuno kwathu m'bindikiro unakanika. N'zoona. Pa 20 Malichi 2020 mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Peter Mutharika, analengeza kuti dziko lili pangozi. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi, misonkhano ya anthu oposa 100 n'kuletsedwa. Pa 2 Epulo anthu atatu oyamba anapezeka ndi kachilomboka ku Lilongwe. Kenako boma linati kuyambira pa 18 Epulo tonse tibindikire masiku 21. Mavenda ku Limbe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu anakwiya nazo, amvekere tikakhala m'nyumba tizidya makoma? Bungwe la HRDC linathamangira kukhoti, ndipo kutatsala tsiku limodzi Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso. Nkhani ya m'bindikiro inazilala, anthu n'kubwerera ku ndale za chisankho chachibwereza chomwe chinadzachitika pa 23 Juni.

Komatu kwa ena a ife chitseko chinatsekeka ndithu, popanda wapolisi woimapo. Ine ndinkagwira ntchito pa kashopu kena kojambula mapepala ku Limbe. Makasitomala athu anali ana a sukulu ndi aphunzitsi awo. Sukulu zitangotsekedwa, makina aja anayamba kudzala fumbi. Patatha milungu iwiri abwana anandiitana n'kundiuza kuti, "Kadikire kumudzi, zinthu zikatseguka ndikuimbira." Lendi sinkadikira kuti zinthu zitseguke. Ndinalongedza chikwama, n'kukwera minibasi ya msewu wa Zomba, mtengo utakwera chifukwa ankanyamula anthu ochepa pampando. Ndinatsikira pa Mbulumbuzi, n'kuyenda wapansi kupita kwa mayi anga, phiri la Chiradzulu likundiyang'ana ngati likufunsa kuti za kutauni zija zatha? Ndalama za K35,000 pamwezi zimene boma linalonjeza zinali za mabanja a m'mizinda. Ine ndinali nditangotulukamo mumzindamo.

Masabata oyamba ndinali kumudzi ndi thupi lokha. Kuseri kwa nyumba yathu kuli chulu pomwe netiweki imagwira bwino, ndipo ndinkakhala pamenepo kuyambira m'mawa. Mukukumbuka mmene WhatsApp inalili masiku amenewo. Uyu akuti imwani mandimu ndi jinja, uyu akuti fukizani masamba a bulugama, wina akuti matendawa ndi a azungu okha, wina watumiza chithunzi cha mabokosi a maliro ku Italy. Ndinkadziwa chiwerengero cha anthu omwalira ku New York tsiku lililonse, koma sindinkadziwa kuti mjigo wa m'mudzi mwathu unali utasintha komiti. Tsiku lina mayi ananditulukira ndi lichero m'manja n'kundifunsa kuti, "Kodi iwe wabwera, kapena wangotumiza thupi?" Sindinayankhe. Chimene chinandichotsa pachulupo si mawu awowo ayi. Bandulo inatha, ndalama yogulira ina panalibe.

Posowa chochita ndinaganiza zokonza mpondagiya. Amene munakulira m'tauni mwina simukumudziwa: umatenga kagaloni ka malita 5, n'kukaboola ndi msomali wotentha chakumtunda, n'kukapachika pamtengo wopingasa, kenako n'kumangirira chingwe kuchoka pakhosi pa kagaloniko kufika pandodo yomwe ili pansi. Ukaponda ndodoyo, kagaloni kamapendekeka, madzi n'kumatsika, iwe n'kusamba m'manja osagwira kanthu. Pokamba n'zophweka. Wanga woyamba ankanditayira madzi pathalauzi.

Ndili mkati molimbana naye, ndinamva mawu kuchokera kumpanda. "Mdzukulu, giya yakoyo ikulowa livesi. Fupikitsa chingwe."

Anali agogo aamuna a nyumba yoyandikana nafe. M'mudzi monse amangowatchula kuti agogo a Theba, chifukwa anagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni. Ndinabadwa iwo ali pomwepo. Zaka zonsezo zokambirana zathu zinali "mwadzuka bwanji" ndi "ndadzuka bwino, kaya inu", basi. Panalibe udani. Iwo ndi Asilamu, ife ndi a mpingo, iwo amapita kumzikiti Lachisanu, ife kutchalitchi Lamulungu, ndipo mpanda wa udzu uja unkangokhala pakati pathu ngati unachita kumera.

Ndinafupikitsa chingwe, mpondagiya n'kugwira ntchito. Iwo anati ndiwakonzere wawo, koma ndiimike kunja kwa chipata, ndisalowe. Apa m'pamene ndinadziwa kuti munthu amene anabindikiradi m'mudzi mwathu anali iwowo. Ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo mwana wawo wamkazi wa ku Blantyre anawaimbira foni n'kuwaletsa zonse: kumsika ayi, kumaliro ayi, kubawo ya pansi pa mtengo wa mango ayi. M'bindikiro umene khoti linakana, mayi ameneyu anaukhazikitsa yekha pafoni, ndipo panalibe kopita kukatenga chiletso.

Chimene chinkawawawa kwambiri inali bawo. Tsiku lachitatu anandiitana pachibowo cha mpanda, chomwe mbuzi zinaboola chilimwe chapitacho, n'kundifunsa ngati ndimadziwa kutakata. Ndinati pang'ono. Anabweretsa thabwa lawo lakuda bii chifukwa cha manja a zaka zambiri, mizere 4, maenje 32, nkhomo 64 zosunga m'kachitini. Tinapangana malamulo a chaka cha korona. Thabwa likhala mbali yawo, pampando. Ine ndikhala pachitsa mbali yathu, patali ndithu. Nkhomo azigwira okha, zawo ndi zanga zomwe. Ine ntchito yanga n'kuloza ndi bango lalitali dzenje lomwe ndikufuna kuyambira, n'kunena kuti kumanja kapena kumanzere.

Aliyense wodziwa bawo waona kale vuto la dongosolo limeneli. Munthu amene akupikisana nawe ndi yemweyo akukuyendetsera nkhomo. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti dzanja lawo linkadumpha dzenje likafika mbali yanga. Iwo amakana, amati maso anga anawonongeka ndi foni. Mwezi woyamba wonse sindinapambanepo ngakhale kamodzi. Koma ndinapeza kuti ndayamba kudzuka m'mawa ndi chinthu choyembekezera. Ndinkathandiza mayi kukolola chimanga mofulumira kuti ikamakwana 3 koloko ndikhale ndili pachitsa. Phokoso la nkhomo zikamagwera m'maenje, kho, kho, kho, linkamveka mpaka kukhitchini, ndipo mayi ankadziwa mmene masewero akuyendera pongomva kuseka kwa agogo.

Chakumapeto kwa Epulo mwezi wa Ramadani unayamba. Agogo sankapita kumzikiti, ankapemphera pakhonde. Bawo tinaisunthira chakumadzulo kuti iziwaiwalitsa ludzu. Tsiku lina mayi anakumba mbatata n'kundipatsa kadengu kuti ndikaike pachibowo. Dzuwa litalowa, kadenguko kanabwerera muli mbale ya futari wotentha, wa mbatata zomwezo ndi nsinjiro, wophikidwa ndi agogo aakazi. Ndi mbale imene ili pachithunzi chija. Kuyambira tsiku limenelo chibowo chija chinasanduka msewu. Kupita chinangwa, kubwera futari. Kupita masamba a nkhwani, kubwera zitumbuwa. Aliyense ankatsuka mbale ndi sopo asanaibweze, ndipo azimayi awiriwa, amene kwa zaka ankangopatsana moni wapamjigo, anayamba kuima uyu mbali yake uyu mbali yake, kukambirana za mtengo wa feteleza mpaka ndiwo kupserera pamoto. Kugwirana chanza kunali koletsedwa. Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwe tinaleka kugwirana chanzacho ndi chimene tinayamba kudyerana m'mbale.

Sindikufuna kukunamizani kuti m'mudzi monse munali chikondi chokhachokha. Chakumapeto kwa Meyi mabasi anayamba kubweretsa a Malawi amene anasowa pogwira ku South Africa chifukwa cha m'bindikiro wa kumeneko, womwe unali weniweni, wa asilikali m'misewu. Munamva za anthu mazana amene anawasunga pa Kamuzu Stadium ku Blantyre n'kuthawa zotsatira zawo zisanatuluke. Nkhaniyo inafika kumudzi mwachangu kuposa mabasiwo. Ndiye patapita masiku ochepa mnyamata wina wa m'mudzi mwathu, amene anatha zaka zitatu ku Johannesburg, anatulukira ndi chikwama chimodzi.

Kale wochoka ku Joni ankalandiridwa ndi nthungululu, ana kumuthamangira kuti aone zomwe wabwera nazo. Uyu anthu anamutsekera zitseko. Ana anamupatsa dzina loti Korona. Mayi ake atapita kumjigo, azimayi anzawo anachotsa ndowa zawo n'kuima patali, wina n'kunena mokweza kuti chogwirira mjigo chitsukidwe. Wa kagolosale anakana ndalama yake. Inenso ndisadziyeretse: tinaphunzira limodzi ku pulayimale, koma nditamuona akubwera panjira ndinakhotera m'munda wa nandolo ngati ndili ndi chochita mmenemo.

Madzulo ake ndinawafotokozera agogo ngati nkhani yoseketsa. Sanaseke. Anabweza nkhomo zonse m'kachitini, n'kukhala chete nthawi yaitali. Kenako anandiuza zimene sindinazimvepo, ngakhale kusukulu. Cha m'ma 1988 ntchito ya a Malawi kumigodi ya ku Joni inatha chifukwa cha mkangano woyeza magazi. A kumeneko ankafuna kuti a Malawi aziyezedwa kachilombo ka HIV, boma la Kamuzu linakana, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kwawo osadzapitanso. Agogo anali m'gulu limenelo. "Kumeneko amati ndife obweretsa matenda," anatero. "Titafika kuno, ena amati tabwera ndi matenda a ku Joni. Munthu umasowa kuti kwanu n'kuti. Ndiye iwe lero ukuthawira m'nandolo?"

Ndinayesa kudziteteza kuti mantha athu anali ndi chifukwa. Ndipo analidi nacho: ambiri mwa obwera pamabasi aja ankapezeka nako kachilomboka, ndipo kutalikirana nawo masiku 14 linali langizo loyenera la azaumoyo. Agogo sanatsutse. Anangoti, "Kutalikirana ndi kumene tikuchita ine ndi iwe pano. Kodi ndakumana madzi akumwa?"

Chigamulo chawo chinali chakuti bawo yaima kufikira nditayamba kutungira banja lija madzi. M'mawa uliwonse ndinkanyamula ndowa ziwiri n'kukathira m'zidebe zomwe ankasiya kunja kwa chipata chawo. Tsiku loyamba ndinangothira n'kuthawa. Tsiku lachitatu mnzanga uja anali atakhala pakhonde, tinapatsana moni mofuula. Pofika sabata yachiwiri ndinkakhala pamwala kunja kwa mpanda, iye kundifotokozera mmene ankagonera anthu asanu ndi mmodzi m'kachipinda kamodzi, ntchito itatha, lendi ikufunika. Mayi nawo anayamba kutumiza ndiwo. Iwo anali ndi chifukwa chawochawo. Amakumbukira zaka zija bungwe la MSF lisanayambe kupereka ma ARV pachipatala cha boma ku Chiradzulu mu 2001, pamene odwala ankapatsidwa mbale yawoyawo ndi kapu yawoyawo, ndipo mchemwali wawo anamwalira ali m'kanyumba kakuseri. "Tinaziona kale izi," anatero. "Matenda amasintha dzina, koma nkhanza zake n'zomwezija." Mnyamata uja anatha masiku ake 14 osatsokomola n'kamodzi komwe. Dzina loti Korona lokha ndi limene linamukanirira, ndipo pano analilemba yekha kumbuyo kwa njinga yake yamoto ya kabaza.

Miyezi yozizira inadutsa mwa tinthu ting'onoting'ono. Telala wa pamsika ankasoka zotchinga pakamwa ndi pamphuno kuchokera ku zidutswa za zitenje, ndiye unkatha kuona bambo waulemu wake atavala maluwa ofanana ndi bulauzi ya akazi awo. Maphunziro a ana atayamba kuulutsidwa pawailesi, agogo ankaika wailesi yawo pamwamba pa mpanda, ana a nyumba zinayi n'kukhala pamatumba motalikirana, ine n'kusanduka mphunzitsi wopanda satifiketi, makala ngati choko, chitseko chakale ngati bolodi. Chiperoni chikagwa, phiri osaoneka, tinkasonkha moto uwiri, wina mbali yathu wina mbali yawo, n'kumakambirana utsi ukudutsa pampanda. Nandolo atakhwima tinkaphika makata, nandolo wamuwisi wa m'makoko momwe, n'kumasenda tikusewera. Ndinapambana bawo koyamba mu Julaye. Agogo anati dzuwa linawathobwa m'maso, chonsecho kunali mitambo.

Zowawa zinaliponso, ndipo bawo sinazichotse. Atsikana awiri mwa amene ankakhala pamatumba aja sanabwerere kusukulu pomwe zinkatsegulidwa mu Sepitembala ndi Okutobala. Wina anali ndi pakati, wina anakwatiwa, monga zinachitikira atsikana ambirimbiri m'dziko muno chaka chimenecho. Mayi wina wa kumpingo kwathu atamwalira, sitinagone pasiwa monga mwa mwambo. Anthu anabwera ochepa, nyimbo zinali zofooka kuseri kwa nsalu zapakamwa, chipepeso chambiri chinabwera pa Airtel Money ndi Mpamba. Mayi anabwerako akulira kawiri, kulira mnzawo ndi kulira maliro ake. Kwathu kuno maliro opanda khamu amakhala ngati munthuyo analibe abale.

Abwana anandiimbiradi mu Okutobala, ndipo ndinabwerera ku Limbe ndikuganiza kuti zatha. Januwale 2021 anatiwonetsa kuti tinkangoyamba. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso kuti dziko lili pangozi. Patapita masiku ochepa sukulu zinatsekedwanso, misika kumatseka 5 koloko, kuyenda usiku kupitirira 9 koloko n'kuletsedwa. Pa WhatsApp sipankakhalanso mabokosi a ku Italy. Zinali zithunzi za anthu amene tinkawadziwa.

Pa 15 Januwale, tsiku la Chilembwe, limene kwathu anthu amakonda kupita ku PIM, mayi anandiimbira mbandakucha. Agogo ankabanika. Mwana wawo anali kutali, galimoto panalibe, ndipo anyamata a kabaza amene anawaimbira atamva kuti ndi nkhalamba yopuma movutikira anazimitsa mafoni. Amene anabwera anali mnzanga wa ku Joni uja. Anavala nsalu ziwiri pakamwa, anawakweza pakati, mdzukulu wawo n'kukhala kumbuyo kuwagwirizira, ulendo wa kuchipatala mdima usanathe. Anawapeza nako kachilomboka. Masiku amenewo mpweya wothandizira kupuma unkasowa m'zipatala zambiri, ndipo ine ku Limbe ndinkagona foni ili m'manja, kuopa kuti ikalira usiku ndiye kuti basi. Mayi ankaphika phala m'mawa uliwonse n'kulipereka pachibowo kwa agogo aakazi, amene anatsala okha m'nyumba, oletsedwa kutuluka.

Anatuluka patatha masiku 9, atawonda ngati bango langa lolozera lija. Mawu oyamba amene anandiuza pafoni anali akuti, "Usasangalale, sindinafe. Ngongole yako ya bawo ikadalipo." Katemera wa AstraZeneca atafika m'dziko muno mu Malichi 2021, anthu ambiri m'mudzi akunong'onezana kuti ndi chizindikiro cha chilombo, ena akuti amatseka kubereka, iwo anakwera njinga yomwe ija kukabayitsa. Atabwerako anakhala pakhonde dzanja la malaya atalipinda kuti aliyense wodutsa aone. Amene ankawafunsa ngati sakuopa ankawayankha kuti jakisoni wa Theba anali wamkulu kuposa ameneyo.

Chaka chathachi mayi anamanganso mpanda, wa udzu watsopano, koma pamalo pa chibowo paja anauza womanga kuti asiyepo kakhomo. Ine ndimapita kumudzi mwina kamodzi pa miyezi iwiri. Masiku ena onse bawo timasewera pafoni, Lamulungu madzulo. Maenje tinawapatsa manambala, 1 mpaka 8 mzere wakutsogolo, 9 mpaka 16 wakumbuyo. Ine ndimakhala ndi pepala lojambulapo thabwa, iwo amakhala ndi thabwa lenilenilo, ndipo mdzukulu wawo wa Sitandade 7 amayenera kukhala mboni. Vuto n'lakuti mboniyo imadya nsima kwa wopikisana naye wanga.

Lamulungu lapitali netiweki inaduka ndili pafupi kuwadya nkhomo zisanu ndi ziwiri. Nditaimbanso, dzenje lija akuti linali ndi ziwiri zokha.

"Agogo, pepala langa likuti zisanu ndi ziwiri."

"Pepala lako lili ku Limbe," anatero. "Nkhomo zili kuno. Sewera."